Tsiku Limene a Kamodzi Adabwereza Mzere

Mu msewu wa mashopu a zomangira nyumba, pakati pa wogulitsa utoto ndi wowotcherera zitsulo, muli shopu yodula magalasi. Khomo lake ndi lalitali kuposa makomo onse a mu msewuwo, pakuti galasi siliwerama polowa m'nyumba. M'shopu imeneyi ndimo mudakulira ndi kumerera imvi bambo wina amene aliyense, kuyambira mwini shopu kufikira mayi wosesa, amawatchula kuti a Kamodzi.

Dzinali lidachokera ku ntchito yawo, choncho n'koyenera kuifotokoza pang'ono. Galasi salicheka monga m'mene mmisiri achekera thabwa. Wodula amatenga chodulira, kachitsulo konga cholembera kokhala ndi kagudumu kakang'ono kunsonga, n'kuchiviika m'palafini, n'kukanda mzere umodzi pamwamba pa galasi. Akatero amathyola, ndipo galasilo limang'aluka motsata mzerewo. Lamulo la ntchitoyi ndi lakuti mzere sabwereza. Munthu akakayika n'kudutsanso pamene wadutsa kale, kagudumu kamabuntha, mzere umatekedzeka, ndipo galasi limadzisankhira njira yakeyake.

Lamulo limeneli a Kamodzi adalilandira kwa mphunzitsi wawo, nkhalamba yaifupi, ya mawu ochepa, imene inkanunkha palafini ngakhale itavala jekete la ku tchalitchi. Miyezi yoyamba nkhalambayo sidawalole kukhudza chodulira. Ntchito yawo idali kunyamula, kupukuta ndi kusesa. Akaima pambali kuti aonerere, nkhalamba inkati, "Iwe, maso akowo ukaonere mpira. Pano tchera khutu."

Adatcheradi khutu, ndipo adamva kuti mzere wabwino umaimba. Umalira mawu amodzi osadukiza, onga a nsalu yatsopano ikamang'ambidwa. Mzere woipa umalira ngati mchenga pakati pa mano. Khutu litaphunzira, nkhalamba idawapatsa zidutswa zotsala kuti azizidula timizere topyapyala mpaka bokosi lidzaze, bokosi likadzaza n'kukataya, n'kuyambanso. Tsiku lililonse limene dzanja lawo linkabwerera pa mzere, nkhalamba inkangowalanda chodulira mwaulemu n'kuwapatsa tsache. Motero luso lidatsika kuchoka m'mutu n'kukakhala m'dzanja, kufikira pamene ankatha kudula uku akucheza ndi kasitomala za mvula.

Nkhalamba itapuma ntchito, thebulo lalikulu loyalidwa bulangete lidakhala lawo. Zaka zimenezo ndizo zidali za ulemerero wawo. Mawindo aliyense ankatha kudula, koma galasi lozungulira la wotchi ya pakhoma, la kabati yokhota, la nyali ya galimoto yakale, zonsezo zinkadikira a Kamodzi. Ndi m'zaka zomwezo m'mene adakwatira, ndipo mphatso yawo yoyamba kwa mayi a kunyumba idali kalilole wozungulira ngati dzira, amene adamudula okha n'kumuika m'felemu ya thebulo lodzikonzera la kuchipinda. Mlendo wamkazi aliyense wofika pakhomopo ankalowetsedwa kuchipinda kuti akaone. "Adadula ndi dzanja, osati makina," mayi ankatero, ndipo a Kamodzi ali pabalaza ankanamizira kuwerenga nyuzipepala.

Mayiwa adali ndi mlongo wawo wamng'ono, mwamuna wamtali, wa miyendo ngati ya kakowa, amene adali atayesa kale kuyendetsa galimoto, utelala ndi kuweta nkhuku, zonse osaphula kanthu. Chimene ankachidziwa bwino chidali kuimba mluzu. Mayi adachonderera amuna awo kuti amutenge ku shopu.

"Mayi, galasi si nkhuku," adatero a Kamodzi. "Nkhuku ikakuthawa umaithamangitsa. Galasi likakuthawa umasesa."

"Ndiye azikasesa. Kapena muli ndi tsache limodzi?"

Adamutenga. Kunena zoona, sadaphunzitsepo munthu wovuta ngati mlamu wawoyo. Zala zake zinkakhala zomangamanga ndi nsanza, ndipo mzere uliwonse ankafuna kuubwereza, ngati munthu wosakhulupirira kuti watsekadi chitseko. Tsiku lonse m'shopu munkangomveka, "Kamodzi, mlamu! Kamodzi basi!" Wowotcherera zitsulo wa khomo loyandikana adayamba kuyankhira ali kwake, "Kamodzi!" ndipo dzina lidakakamira pomwepo. A Kamodzi sadabise kanthu. Adamuonetsa kaimidwe, phazi lamanzere patsogolo. Adamuonetsa kugoneka kachala kakang'ono pa galasi kuti dzanja lisagwedezeke, monga momwe nkhalamba idawaonetsera iwo. Adapereka zonse ndi mtima woyera, pakuti sadaganizepo kuti munthu wa mluzuyo angadzafike patali.

Kenaka mwini shopu, poona kukhulupirika kwawo, adawakweza kukhala kapitawo. Adawamangira kaofesi pakona, kokhala ndi mpando wofewa, telefoni ndi zenera lalikulu loyang'ana ku thebulo lodulira. Galasi la zenera limenelo adadula okha, ndipo sadadziwe kuti likhala la m'gulu la omaliza. Kuyambira pamenepo ntchito yawo idali kulandira makasitomala, kupita kukayeza mawindo a nyumba zatsopano ndi kukangana ndi obweretsa katundu. Chodulira chawo adachiika m'thumba la malaya, pambali pa zolembera. Poyamba ankatuluka kukadula kanthu kovuta mwa apo ndi apo. Pambuyo pake ankati, "Mlamu, yesa iweyo, ine ndili pa telefoni." Mumtima mwawo adali ndi chikhulupiriro chakuti luso lili ngati chipsera, likakhala pathupi silichoka.

Zaka zidapita, ndipo zenera lija lidasanduka chilango. Kudzera pamenepo ankaona zonse. Nsanza zidachoka ku zala za mlamu. Mapewa ake adamasuka. Choipitsitsa chidali chakuti khutu la a Kamodzi silidakalambe. Ngakhale atatseka chitseko, ngakhale ali pakati pa kuyankhula, ankamva mzere uliwonse wa mlamu ukuimba, woyera, wosadukiza, mluzu uli pamwamba pake ngati munthuyo sakugwira ntchito n'komwe.

Tsiku lina padabwera bambo wina atanyamula chitseko cha kabati yokhota. A Kamodzi adaimirira n'kumulandira mwaulemu.

"Zikomo, akuluakulu," adatero bamboyo. "Koma ndimafuna mmisiri weniweni uja, wamtali uja."

"Wamtaliyo ndidamuphunzitsa ndine."

"Oho! Mudachita bwino kwambiri. Ali kuti?"

Kuchokera tsiku limenelo a Kamodzi adayamba kuona zolakwa zimene kale sankaziona. Palafini ankatha msanga. Bulangete la pa thebulo silinkakutumulidwa mokwanira. Mluzu unkasokoneza telefoni. Adasiyanso kumutchula mlamu wawo kuti "iwe" n'kuyamba kumuti "inu", ndipo aliyense m'shopumo adamva kuti ulemu umenewo udali wozizira ngati chitsulo cha m'mamawa. Mlamu sankabwezera. Ankangoti, "Chabwino, alamu," n'kukutumula bulangete, n'kudikira kanthawi asanayambenso mluzu. Kunyumba nako kudalibe pothawira. Mayi akabwera kuchokera kocheza ankati, "Mwamva? Akuti galasi la pa guwa la tchalitchi chatsopano wadula ndi mlongo wanga." A Kamodzi ankayankha kuti amva, n'kukankhira mbale kumbali.

Nsanje ya munthu wophunzitsa ndi yovuta kuiulula, chifukwa ilibe womuimba mlandu. Mlamu sadabe kanthu. Zonse adachita kupatsidwa.

Zinthu zidafika pampondachimera m'mawa wina, pamene mayi ankasuntha thebulo lodzikonzera lija kuti asese kuseri kwake. Tizitsulo togwira kalilole tidali titatha ndi dzimbiri. Kalilole adapendekeka, adagwa, ndipo adasweka. A Kamodzi adathamangira kuchipinda n'kupeza akazi awo ataima chilili, tsache lili m'manja, misozi ili m'maso.

"Musalire, mayi, bola simunavulale. Galasi ndi galasi."

"Si galasi wamba limeneli, inu mukudziwa." Adapukuta maso ndi nsonga ya nsalu. "Mukawauze alamu anu andidulire wina wofanana ndendende."

Mawu amenewa adatuluka mosaganizira, ndipo n'chifukwa chake adalasa kwambiri.

"Kodi woyambayo adadula ndani?"

"Inu nomwe, bambo. Koma pajatu nthawi imeneyo munkandilowetsera ulusi pa singano. Lero ndani amalowetsera mnzake?"

"Kalilole wa m'chipinda mwanga sadula mwamuna wina."

"Mwamuna wina? Mlongo wanga wa bere limodzi wasanduka mwamuna wina?"

A Kamodzi adatembenukira ku thebulo lija. Adamasula felemu, adaikulunga m'nyuzipepala, n'kupita nayo ku ntchito.

Kuseri kwa shopu, m'chipinda chosungiramo katundu, mudali chidutswa cha kalilole wakale, wochindikala, wa mtundu womwewo wa amene adasweka. Akalilole a masiku ano ndi opyapyala, ndipo akaikidwa m'felemu yakale amagwedera n'kumapotoza nkhope. A Kamodzi adayeza chidutswacho n'kupeza kuti chikwanira akalilole awiri okha. Adajambula dzira lija pa chikatoni motsata felemu, n'kulidula bwinobwino ndi lumo. Kufikira pamenepo zonse zidayenda monga kale.

Lidali Loweruka masana, ntchito itachepa. Munthu wanzeru akadadikira kuti onse aweruke, n'kuyamba wayesera dzanja pa zidutswa zotaya. A Kamodzi nzeru adali nazo, koma nsanje imafuna mboni. Adavula tayi, adapinda manja a malaya, n'kutuluka mu ofesi.

"Alamu, tandipatsani thebulo pang'ono."

Mlamu adasuntha mwamsanga. "Ndi wa achemwali ameneyu? Bwanji ndingo..."

"Ndati thebulo."

Mayi wosesa adaimika tsache. Wowotcherera zitsulo, amene ankamva fungo la nkhani kuposa la utsi wake, adasuzumira pakhomo magalasi akuda ali pamphumi. "Eee, lero kugwa mvula! Bwana atsika pa mpando!"

A Kamodzi adagawa chidutswacho pakati ndi rula, mzere woongoka. Udalira mokhakhala pang'ono, komabe galasi lidamvera. Adaika theka limodzi pambali, linalo n'kulipukuta. Adagoneka chikatoni, adaviika chodulira m'palafini, adaika phazi lamanzere patsogolo ndi kachala kakang'ono pa galasi. Mutu wawo unkakumbukira chilichonse. Akadafunsidwa, akadafotokoza ntchito yonseyo popanda kuphonya mawu.

Koma dzanja lidali la mlendo. Silinkadziwanso kulemera koyenera. Kale silinkafunsa, linkangopita. Tsopano linkafunsa mutu pa kachigawo kalikonse, kodi ndikanikize, kodi ndipepuze, ndipo mutu udalibe yankho, pakuti zimenezo sudazisungepo. M'mbali mwa dzira mzere udayenda, ukunjenjemera. Pofika pokhota pa kumutu, pamene mkono uyenera kuzungulira wonse mwakamodzi, dzanja lidauma. Nyimbo idaduka, kagudumu kadadumpha, kenaka kadagwiranso.

A Kamodzi adamva. Mlamu adamva. Padali malo osakandika, otalika ngati chikhadabo.

Mmisiri wodekha amaika kagudumu pa malo odumphidwawo pokha, n'kulumikiza mosamala, osakhudza mzere wakale. A Kamodzi adaphunzitsapo anthu zimenezi. Koma adamva maso a mlamu pa khosi pawo, ndipo adafuna kuti pokhota ponsepo pamveke nyimbo imodzi yoyera, yoti wamtaliyo aimve. Adanyamula chodulira, adabwerera kumene kukhota kudayambira, n'kudutsanso pa mzere womwewo.

Mchenga pakati pa mano. 

Adatembenuza galasi n'kukanikiza ndi zala zazikulu kuti mng'alu uyende. Udayenda bwino m'mbali, ngati galu womvera. Utafika pa malo obwerezedwa udaima, kenaka udatembenuka n'kudutsa pakati penipeni pa dzira. Thwa!

"Ayi ndithu," adatero wowotcherera, "tsobola wakale sa..."

"Inu, chitsulo chanu chikuzizira uko," adamudula mawu mayi wosesa, ndipo bamboyo adabweza mutu wake.

Mlamu adayang'ana pansi. Kenaka adati, ndi mawu ofatsa, "Galasi lakale limavuta, alamu. Limauma. Ngakhale ine likadandithawa."

A Kamodzi akadakonda kuti awaseke. Kusekedwa munthu amabwezera. Koma bodza lachifundo lochokera kwa munthu amene udamumanga zala ndi nsanza lilibe pobwezera. Onse awiri ankadziwa kuti galasi lidalibe mlandu.

Padatsala theka limodzi. A Kamodzi adaliyang'ana nthawi yaitali. Mtima unkati yesanso, mwina dzanja ladzuka tsopano. Khutu, limene silidawanamizepo, linkati ayi. Adaganiza za felemu yopanda kanthu, ndi za mayi ataima ndi tsache kuchipinda. Akaswa ili, sipadzapezekanso lina la mtundu umenewu, ndipo mayi adzadziyang'anira pa galasi lopotoza nkhope moyo wawo wonse chifukwa cha mtima wa amuna awo.

Adachotsa chikatoni pa zidutswa zosweka, adachiika pa theka lotsalalo, n'kubwerera m'mbuyo.

"Dulani."

"Alamu, mwina Lolemba, mutapuma..."

"Ndati dulani. Ndipo musagwiritse changa, ndachibunthitsa."

Mlamu adapukuta galasi. Adaviika chodulira chake. Adaika phazi lamanzere patsogolo, adagoneka kachala kakang'ono, ndipo a Kamodzi adaona kaimidwe ka nkhalamba ija, kaimidwe kawo komwe, katavalidwa ndi munthu wina ngati jekete lako limene lamukhala bwino mnzako kuposa iwe mwini. Mkono udazungulira kamodzi. Mzere udaimba kuchokera poyambira mpaka kukumana nawo wokha. Mluzu padalibe, ndipo a Kamodzi adazindikira kuti mlamu waumeza chifukwa cha iwo. Nazonso zidawawawa.

Madzulo dzuwa lisanalowe a Kamodzi adafika kunyumba, adamanga kalilole m'felemu ndi tizitsulo tatsopano. Mayi adalowa, adaima patsogolo pake, adayendetsa chala m'mphepete monse.

"Bambo, mundikhululukire pa zimene ndidanena zija. Taonani! Ndendende woyamba uja. Dzanja lanu likadalipo ndithu."

A Kamodzi adali atagwada, akutolera nyuzipepala. Kukhala chete kukadakhala kosavuta, ndipo mlamu sakadaulula. Koma kutamandidwa ndi ntchito ya munthu ameneyo kudali kowawa kuposa kunyozedwa.

"Si ine. Wanga ndaswa. Uyu adula ndi alamu."

Mayi adawayang'ana kudzera m'kalilole momwemo. "Oho," adatero. Patapita kanthawi adaonjeza kuti, "Nanga iyeyo adamuphunzitsa ndani?"

"Mayi, wophika sakhuta ndi fungo."

Nkhani idathera pomwepo, ndipo sadaikambenso.

Kuyambira sabata yotsatira, a Kamodzi adayamba kufika ku shopu m'mawa kwambiri, anzawo asanabwere. Amavula tayi, amatenga zidutswa zotaya, n'kumazidula timizere topyapyala mpaka atamva phazi la munthu pakhomo. Masiku ambiri mzere umalira ngati mchenga. Masiku ena umayamba kuimba n'kudukira panjira. Dzanja likubwerera, koma mwaulesi, ngati wantchito amene adachotsedwa popanda chifukwa ndipo akufuna apepesedwe kaye. Iwo akudziwa kuti pa msinkhu wawo mwina silidzafikanso pamene lidali. Sachita zimenezi chifukwa cha mtendere wa mumtima. Amachita chifukwa sangathe kupirira kumva nyimbo ija ikuchokera kwa munthu mmodzi yekha.

Mlamu adaona timizere m'bokosi ndipo sadafunse. Koma m'mawa wina a Kamodzi adapeza kagudumu katsopano pa chodulira chawo, ndi kachitini ka palafini katadzazidwa. Sadathokoze. Tsiku linanso mlamu adalawirira, n'kuima pakhomo a Kamodzi asanamuone.

"Alamu, womalizawo walira bwino."

"Ndamva ndekha, makutu ndili nawo. Iwe kakutumule bulangete."

Mlamu adapita kukakutumula akumwetulira, pakuti padali patapita zaka asanatchulidwe kuti "iwe".

Kunyumba, kalilole watsopano ali m'malo mwake, ndipo alendo aakazi amalowetsedwabe kuchipinda kukamuona. A Kamodzi sadziyang'anirapo. Amametera ndevu ku bafa, pa chidutswa cha kalilole amene adaswa okha uja, chimene adachisalaza m'mphepete n'kuchikoleka pa msomali. Chikatoni chojambulidwa dzira sadataye, chili pamwamba pa kabati, kudikira tsiku limene padzafunike kalilole wina. Tizitsulo togwira kalilole adatimanga molimba, pakuti ndi munthu woona mtima ndipo sangachite chinyengo pa ntchito. Komabe mayi akamakoka thebulo lija kuti asese kuseri kwake, a Kamodzi ali pabalaza amatsitsa nyuzipepala, amatchera khutu, ndipo sanena kuti, "Mosamala."